Cholembera chofiira chisafike pa kalata ya agogo

Pa 18 Disembala 2015 moto udanyeketsa laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga, ndipo mabuku oposa 40,000 adasanduka phulusa. Ambiri mwa iwo anali oti ndalama zikapezeka mugulanso: a masamu, a zankhalango, a zauphunzitsi, omwe makina akusindikizabe kunjaku. Akufuna kwabwino adatumizadi ena m'makatoni. Koma mudalinso gawo lija oyang'anira mabuku amalitcha Malawiana, mosungidwa zolembedwa za dziko lino, ndipo m'gawo lotere mumakhala zinthu zosapezeka m'sitolo: malipoti akale, kafukufuku wa ophunzira, timabuku tomwe tidasindikizidwa kamodzi osabwerezanso. Zotere zikapsa ndiye kuti zapita.

Sikadali koyamba. Mu 1919 moto udatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba n'kupsereza mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda. N'chifukwa chake wofufuza mbiri ya zaka zimenezo amatsamira pa mapepala a mamishoni ndi makalata a anthu: a Livingstonia, omwe ena ali ku National Archives ku Zomba, ena ku Stone House pa Khondowe, ena kutali ku Edinburgh, ndiponso a ku Mandala House ku Blantyre, kumene Society of Malawi imasunga ake. Mzuzu weniweniyu ndi mwana wa dzana. Adayamba ndi minda ya tung cha m'ma 1947, n'kudzatchedwa mzinda mu 1985. Mapepala omuposa msinkhu ali m'mabokosi achitsulo kunsi kwa bedi ku Chibavi, ku Zolozolo ndi ku Mchengautuwa, m'nyumba za anthu omwe makolo awo adachokera ku Chintheche, ku Embangweni, ku Ekwendeni kapena ku Karonga, madera omwe sukulu idafika msanga ndipo anthu adayamba kale kulemberana.

Masiku ano mawu oti tijambule, titayipe, tisunge m'kompyuta akumveka pafupipafupi, m'mipingo ndi m'mabanja momwe. Ndi mawu abwino. Nkhawa yanga ili pa dzanja la wotayipayo.

Amene mumawerenga zolemba zanga mukudziwa kuti pa kalembedwe sindiseka ndi munthu. Wolemba “kwambili” ndimamubweza, poti lamulo lilipo ndipo n'losavuta: m'kati mwa tsinde la liwu, i kapena e akatsogola timalemba r. Wolemba “kumzuzu” ndimamubweza. Womeza h mu “nthawi” ndi mu “mphunzitsi” ndimamubwezanso. Lero ndabwera ndi pempho lomwe ena aliona ngati ndadzitsutsa: cholembera chofiira chimenechi chisakhudze kalata ya munthu amene adalemba malamulowo asanabadwe.

Chaka china banja lina la mumzinda muno lidandibweretsera kabuku ka mbiri ya agogo awo kuti ndiponyemo diso asanapite nako kosindikiza. Ankakonzekera mwambo wovundukula chiliza. M'kabukumo mdzukulu wina, mnyamata wakhama ndithu, adatayipamo kalata yomwe agogowo adalemba ali pa ntchito ku Bulawayo m'zaka za m'ma 1940. Nditaiwerenga mtima udakana. Chichewa chake chinali chosalala, chopanda pogwira, choti mphunzitsi wa Fomu 4 achonge osaima. Mtonga wa ku Chintheche, wa sukulu ya mishoni, m'zaka zimenezo? Ndidapempha kuti andionetse kalata yeniyeniyo.

Idabwera mu envulopu ya khaki. Pepala la mizere long'ambidwa m'kope, lopindidwa kanayi, m'mopindamo mutayamba kuthetheka, inki itafiirira. Zilembo zopendekera kumanja, zogwirana bwino, za munthu amene adaphunzira pa sileti mphunzitsi atamuimira kumbuyo. Pomwe mdzukulu adatayipa “chifukwa”, agogo adalemba “cifukwa”. “Mawu” anali “mau”, “mavuto” anali “mabvuto”, “mwana wake” anali “mwana wace”. Kwawo adakulemba “Chinteche”, monga ankalembera a positi, ndipo kalatayo inkapita ku “Kota Kota”, mawu awiri. Pena adadandaula kuti chinthu cha tiki kumudzi, ku Bulawayo n'cha susu. Mdzukulu, posadziwa kuti tiki ndi susu anali makobidi a nthawi ya mapaundi ndi masheleni, kwacha isanabwere mu 1971, adangolemba kuti kumeneko zinthu n'zodula.

Nditamufunsa adayankha mwaulemu wake wonse. “Adada, ndimati ndiwachotsere manyazi agogo. Masipelo awo ngolakwika, anthu aziseka pamwambo.”

Sindidamukalipire, poti mtima wake unali wabwino. Koma agogo sadalakwitse kanthu. Kalembedwe komwe timatsatira leroka n'kakang'ono kwa kalatayo. Mu 1922 lidatuluka Buku Lopatulika, ntchito yomwe adaitsogolera William Murray wa mishoni ya Nkhoma, ndipo ndi buku limeneli lomwe lidaonetsa anthu miyandamiyanda mmene chinenero chawo chimaonekera papepala. Tsegulani la m'nthawi ya kalatayo: c ali yekha wopanda h, “pfuko” ali ndi p wake, buku lomaliza ndi “Cibvumbulutso”. Kubwerera m'mbuyo pang'ono, m'mabuku oyambirira a mishoni ya Blantyre, a nthawi ya dikishonale ya David Clement Scott ya 1892, mupeza “muntu” ndi “ntawi”. A ku Likoma anali ndi Chinyanja chawochawo cha kunyanja, ndi mabuku awo. Samuel Ntara, mlembi wa Nthondo wa 1933, dzina lake pachikuto lilibe h, ngakhale ambiri lero amalilemba Nthara. Dzina loti Chichewa lidalowa m'malo mwa Chinyanja mu 1968. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, malamulo ake a kalembedwe adatuluka mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Tsono munthu wa m'ma 1940 mumuimba bwanji mlandu wophwanya lamulo la 1973? Paja abale athu a ku Chipata ndi ku Lusaka akulembabe “Cinyanja” ndi “cifukwa” mpaka lero, m'mabuku a sukulu, popanda wowaseka.

Kalembedwe ka munthu ndi mboni yake. Kamanena nthawi yomwe adalemba, sukulu yomwe adaphunzira, buku lomwe lidamulera, ngakhale mudzi womwe lilime lake lidakulira. Kalata yopanda deti, wodziwa akhoza kuiyika m'zaka zake poyang'ana c, bv ndi pf. Izi si zongosangalatsa aphunzitsi a chinenero okha. Milandu ya ufumu ndi ya malo kuno siisowa, ndipo pabwalo anthu amatulutsa mapepala akale. Pepala lomati ndi la 1938 koma lolembedwa motsata malamulo a 1990 liyenera kufunsidwa mafunso. Ndiye taganizani: banja lili ndi kalata yoona, mdzukulu waikonza, yeniyeniyo chiswe chadya. Chatsala m'manja mwawo ndi pepala looneka ngati lopeka, ndipo adalipeketsa ndi iwo eni, mwa chikondi.

Pali munthu mmodzi amene tonse olemba Chichewa tili naye ngongole, ndipo tikumudziwa chifukwa womulembera sadamukonze. Dzina lake Salimini. Adagwidwa ukapolo kuno n'kukapezeka kufupi ndi Mombasa, kumene mu 1853 adakumana ndi mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann. Rebmann adakhala naye pansi kulemba mawu a chinenero chake monga khutu lake lidamvera, m'kalembedwe kachilendo kotengera Chijeremani ndi Chiswahili. Bukulo lidasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale, pansi pa dzina loti Kiniassa. Kuliwerenga lero n'kotopetsa maso. Koma chifukwa mawuwo adasiyidwa monga adatulukira pakamwa pa Salimini, ofufuza adatha kulondola kuti kwawo kunali cha ku Lilongwe, ndipo tili ndi chithunzi cha mmene Achewa a kumeneko ankayankhulira sukulu ngakhale imodzi isanamangidwe m'dziko muno. Akadapezeka wachifundo wina n'kulisalaza lonse kuti ligwirizane ndi mabuku a pambuyo pake, bwenzi tili ndi dikishonale ina chabe, Salimini mulibe.

Tibwerere ku envulopu ya khaki ija, poti zilembo zinali zazing'ono poyerekeza ndi zina zomwe zidasinthidwa.

Agogo adapereka moni kwa mayi wina amene adamutcha NyaPhiri. Mdzukulu adatayipa “Mayi Phiri”. Kwa iye kunali kulemekeza. Koma kwa Atonga ndi Atumbuka, Nya- amanena kumene mkazi adabadwira, monga Na- wa Achewa mu Naphiri ndi Nabanda. NyaPhiri ndi mwana wa kwa a Phiri. “Mayi Phiri”, mmene timamvera masiku ano, ndi mkazi wa a Phiri. Ndi kusintha kamodzi kokhako mayiyo adachotsedwa kwa atate ake n'kukwatiwitsidwa kwa mwamuna amene sadakhaleko, ndipo mdzukulu wa mdzukuluyo, pofufuza mzere wa banja zaka 50 zikubwerazi, akanadzasokera pomwepo. Chimodzimodzi “asibweni”, omwe adasanduka “ankolo”. Sibweni ndi mlongo wa amayi, amene Achewa timati malume kapena atsibweni, munthu amene mawu ake pa maliro, pa ukwati ndi pa munda amalemera mwa mtundu wake. “Ankolo” ndi thumba lotayiramo aliyense: malume, bambo aang'ono, mnzawo wa abambo, ngakhale kondakitala wa minibasi ya ku Ekwendeni. Liwu limeneli ndimalida ngakhale m'zolemba za lero, nanji kuliika m'kamwa mwa munthu wa m'ma 1940.

Chomwe chidandikhalitsa chete ndi ndime ya pakati. Kalatayo inkapita kwa mlamu wawo wa ku Nkhotakota, n'chifukwa chake adailemba m'Chinyanja. Koma atafika pa za imfa ya amayi awo, yomwe adaimvera kuchilendo osatha kubwera kudzaika nawo, adaleka Chinyanja n'kulemba mizere ingapo m'Chitonga. Mizere imeneyo sinali ya mlamu. Inali ya mlongo wawo, mkazi wa mlamuyo, amene akanamvetsera kalatayo ikuwerengedwa pakhonde. Kenaka adabwereranso ku Chinyanja, kukamba za ng'ombe ndi za msonkho. Mdzukulu adafunsa wina womva Chitonga, n'kuika tanthauzo lake m'Chichewa, osasiya chizindikiro chilichonse choti apa padali chinenero china. Tanthauzo adalipeza bwino ndithu. Chomwe chidatayika ndi chakuti munthuyo adalira m'chinenero cha amayi ake, pamaso pa mlongo wake yekha.

Apa ndiyenera kuyankhula monga wokonda Chichewa amene amadya ndi kugona mu Mzuzu. Msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa 1968, womwe udakweza Chichewa kukhala chinenero cha dziko, udachititsanso kuti Chitumbuka chichoke pa wailesi ndi m'zosindikiza za boma, ndipo chidabwerera pa wailesi mu 1994. Anthu a kuno saiwala zimenezo, ndipo sindiwauza kuti aiwale. Chigawo chino chili ndi alembi ake akale: Saulos Nyirenda, amene adalemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga, ndi Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, mlembi wa Makani gha baNgoni wa 1932. Onani b ameneyo m'dzina la bukulo, pomwe lero Mtumbuka angalembe ŵ: nayenso ndi mboni ya nthawi yake, ndipo asiyidwe. Zaka zomwe zinenero za kuno zidakhala kunja kwa makina osindikizira zidachititsa kuti zambiri za izo zitsale m'makalata, m'mabuku a miniti a mipingo ndi m'makope a nyimbo olemba pamanja. Wotayipa akamazitembenuzira m'Chichewa mwakachetechete, akubwereza ndi manja ake zomwe zidachitika ndi lamulo. Chichewa sichifunika kunenepa pomeza anzake. Chili ndi mapepala ake okwanira ku Nkhoma, ku Mua ndi ku Zomba, omwe nawonso akudikira owasamala.

Matendawa si athu okha, ndipo si a anyamata a kompyuta okha. Mu 1871 David Livingstone ali ku Nyangwe, m'dziko lomwe lero ndi Congo, mapepala ndi inki zidamuthera. Adatenga nyuzipepala yakale n'kumalemba mopingasa pamwamba pa zosindikizidwazo, ndi inki yofinya ku njere za chomera china. Inkiyo idazilala mpaka kusawerengeka. Dziko lidadziwa za masiku amenewo kudzera m'buku lomwe Horace Waller, yemwe adakhalako ku Magomero ndi amishoni a UMCA mu 1861, adakonza n'kutulutsa mu 1874. Mu 2011 akatswiri adatulutsa zomwe adapeza ataunika mapepala enieniwo ndi kuwala kwa mitundumitundu, zilembo zozilala zija n'kuonekeranso. Zidadziwika kuti zomwe anthu adakhala akuwerenga kwa zaka zoposa 130 zinali zosalazidwa, poyamba ndi Livingstone mwini pokoperanso, kenaka ndi Waller. Mantha ake ndi kukayikira kwake anthu a paulendo wake womwe pa za kuphedwa kwa anthu pamsika wa Nyangwe zidali zitafewetsedwa. Zidadziwika chifukwa chimodzi chokha: nyuzipepala yakuda ija sidatayidwe.

Chitsanzo china n'chapafupi. George Simeon Mwase, Mtonga, adalemba nkhani ya John Chilembwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, m'Chingerezi chakechake chosagonjera mphunzitsi aliyense. Mapepalawo adagona m'mafayilo mpaka Robert Rotberg adawatulutsa ngati buku mu 1967. Mutu womwe bukulo limadziwika nawo, Strike a Blow and Die, si womwe Mwase adapatsa zolemba zakezo. Izi tikuzidziwa, ndipo tikhoza kusiyanitsa dzanja la mlembi ndi la mkonzi, popeza choyambiriracho chidasungidwa.

Wina anena kuti: nanga ana a lero awerenga bwanji “wace” ndi “mabvuto”? Kodi Buku Lopatulika lomwelo silidasindikizidwenso m'kalembedwe katsopano? Lidaterodi, ndipo adachita bwino, chifukwa ndi buku lowerengedwa pa guwa sabata ndi sabata, ndipo lakale lija likadalipo m'nyumba zambirimbiri kwa wofuna kufananiza. Kalata ya pamanja ndi imodzi padziko lonse. Komanso ana tisawapeputse. Mwana amene amamasula zidule za pa WhatsApp, zopanda mutu ndi mchira, sangagonje kwa c wopanda h. Mukamuuza kamodzi, wamva, ndipo waphunzirapo kuti chinenero chake chili ndi mbiri.

Komabe woti athandizidwe athandizidwe, kungoti ntchito iliyonse itchedwe dzina lake. Kukopera ndi kulemba chilembo ndi chilembo monga zilili papepala, mzere kuthera pomwe udathera. Pomwe mwini kalata sadaike mpumiro, inunso musaike, chifukwa makalata ambiri akale amayenda ndi mpweya wa woyankhula, ndipo mukayamba kudula ndi mipumiro ndi mipatuliro yanu mwayamba kusankha tanthauzo. Pomwe adafufuta liwu n'kulemba lina pamwamba, onetsani onse awiri: nthawi zina lofufutidwalo ndi lomwe linali kumtima. Pomwe njenjete zadya kapena inki yafufutika, ikani timadontho, osati liwu lomwe mukuganiza kuti liyenera kukhalapo. Chilichonse chochokera kwa inu chikhale m'mikutiramawu, kuti wowerenga adziwe pomwe agogo alekera ndi pomwe mdzukulu wayambira. Imeneyi ndiyo ntchito yoyamba, ndipo siidumphidwa.

Mukatha apo, lembaninso kalatayo m'kalembedwe ka lero ngati mukufuna, pa tsamba lina, pamwamba pake mutalemba poyera kuti mwatero. Apo cholembera chofiira chigwire ntchito yake yonse, koma pa zilembo zokha: “cifukwa” akhale “chifukwa”, pomwe susu akhalebe susu, NyaPhiri akhalebe NyaPhiri, kufotokoza kwake kupite m'munsi. Kumasulira ndi ntchito inanso, ndipo womasulira alembe dzina lake ndi chinenero chomwe wachokera. Maina a malo asiyeni mmene alili: Fort Jameson, Fort Hill, Deep Bay, Florence Bay, Port Herald. Kuti amenewa lero ndi Chipata, Chitipa, Chilumba, Chitimba ndi Nsanje, nenani m'munsi. Munthu amene adakwera sitima pa Florence Bay sadakwere pa Chitimba m'maganizo mwake, ndipo chidindo cha pa envulopu chikuchitirani umboni wokutsutsani.

Malonje nawo musawadule. Ndaonapo otayipa akudumpha theka la tsamba ati ndi moni chabe. M'makalata a machona moni ndiye nkhani. Ndani watchulidwa poyamba, ndani pambuyo, ndani sadatchulidwe konse, ndani waitanidwa ndi mfunda ndipo ndani ndi dzina la mwana wake: m'menemo ndi momwe muli ndale zonse za banja. Ngakhale kutsanzika kuja kwa “ndatha ine wanu” kuli ndi kulemera kwake, ndipo kusamasanduke “zikomo”.

Kwa ophunzira za kasungidwe ka mabuku ku Yunivesite ya Mzuzu, amene mawa ndinu mudzayang'anire mashelefu a dziko lino, ndili ndi kapempho kena. Polemba m'kaundula, lembani dzina monga lilili pa pepalalo, kenaka muonjezere kalembedwe ka lero pambali. Wofufuza Nthara apeze Ntara, wofufuza Chintheche apeze Chinteche, wa Thyolo apeze Cholo, wa Chewa apeze Cewa. Kompyuta siidziwa kuti awa ndi amodzi ngati munthu sadaiuze, ndipo pepala losapezeka m'kaundula silisiyana kwenikweni ndi lotayika. Lembaninso chinenero chenicheni cha pepala lililonse. Ngati lili m'zinenero ziwiri, tchulani zonse.

Tsono pasapezeke wonditengera pakamwa. Ndikudziwa kuti wina wayamba kale kumwetulira, ati ngati agogo ankalemba mmene afunira, nanenso ndisiyeni. Ayi. Agogo sankalemba mmene afunira. Ankatsata mosamala zomwe adaphunzitsidwa, ndipo mu kalata yonse ija c wawo sadasinthe ngakhale pamodzi. Inu amene mwalemba “Osakoza pano” pa khoma la kumsika, kapena “Tikugulisa makala” pa chikwangwani, simukutsata malamulo akale kapena a 1990. Mukungothamanga. Malamulo alipo, Centre for Language Studies ilipo ku Zomba chiyambire 1996, Mtanthauziramawu wa Chinyanja ulipo. Wamoyo akhoza kufunsa, kubwezedwa ndi kukonza. Chifukwa chomwe ndimaumirira pa wamoyo ndi chomwechonso ndimatetezera womwalira: aliyense aoneke papepala monga nthawi yake idamuphunzitsira.

Za kasamalidwe ka pepala lenilenilo ndingonena mwachidule, poti si ntchito yanga. Mzuzu ndi wa chinyezi, ndipo chinyezi ndi chiswe sizidikira moto. Musamate selotepi pong'ambika, imasiya banga losachoka. Musapite nalo kokamatitsa pulasitiki ya moto kuja amachitira masatifiketi, chifukwa likalowamo silitulukanso. Chotsani mapini a dzimbiri, musalembepo ndi bolopeni, ndipo envulopu musataye, poti sitampa ndi chidindo zimanena tsiku ndi malo zomwe kalata payokha nthawi zina siinena. Lamulo la dziko lino limafuna kuti buku lililonse losindikizidwa kope lake liperekedwe ku National Archives, koma kalata ya pamanja palibe lamulo loikakamiza kupita kulikonse. Ili m'manja mwa banja basi.

Kabuku ka banja lija kadatuluka ndi masamba atatu m'malo mwa limodzi: chithunzi cha kalata, kukopera kwake, ndi ya m'kalembedwe ka lero. Ndidamva kuti pamwambo mizere ya Chitonga ija idawerengedwa m'Chitonga.

Inu amene muli ndi bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi, litsegulani mvula isanabwerenso. Jambulani tsamba lililonse kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi ndi envulopu yake, zithunzizo mutumizeko kwa mbale wokhala kwina kuti zisagone nyumba imodzi. Khalani pansi ndi azakhali kapena asibweni omwe akadali moyo akuuzeni NyaUje anali yani, mulembe zimenezo pa pepala lina. Ndipo mukafika pa kompyuta, tayipani zomwe maso anu akuona, osati zomwe aphunzitsi anu akadafuna kuona.